Mthunzi wa Pazenera m'Nyumba Yakale

Nkhani ya lero ikuchokera ku Zomba, mzinda umene udali likulu la dziko la Malawi kufikira chaka cha 1975, ndipo ikukhudza chinthu chimene anthu ambiri amachiyesa chaching'ono pokonzanso nyumba yakale, ndicho chotchinga dzuwa pazenera.

Kumeneko kuli mayi wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene adalandira nyumba ya malemu bambo ake. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, yofolera ndi malata, ndipo ili ndi khonde kumpoto ndi kumadzulo. Kwa zaka zambiri mudakhala anthu a lendi, ndipo mmodzi mwa iwo, pofuna chipinda choonjezera, adatseka theka la khonde lakumadzulo ndi magalasi kuyambira m'chiuno kulekeza kudenga. Mayiwo atalowamo adayamba ndi zazikulu: adasintha malata odontha, adathana ndi chiswe, napakitsa laimu m'makoma. Ndalama zimene zidatsala zidali zochepa, ndipo adazisungira zotchinga m'mazenera. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adali atawatumizira kale pa foni zithunzi za makatani olemera, ofiira moderako, ofika pansi, ndi kulonjeza kuti akangomva miyeso adzawakweza basi.

Udali mwezi wa Okutobala. Pofika 3 koloko masana mbali yonse yakumadzulo inkatentha ngati uvuni wa njerwa, zikuto za mabuku a malemu bambo awo zidali zitayamba kupindika pa shelefu, ndipo usiku makoma ankatulutsabe kutentha mpaka tambala woyamba. Motero mayiwo adaitana kalipentala wachikulire wa m'deralo kuti adzakhome mitengo yopachikapo makatani aja. Mkuluyo adazungulira nyumba kawiri osatulutsa hamala m'chikwama.

"Mayi," adatero, "mwana wanu ayambe wadikira. Mundilole ndibwere mawa ndidzaswere pano, ndione m'mene dzuwa likuyendera pa nyumbayi."

Pempho limeneli lidaoneka lachilendo, komatu ndi pamene pagona nkhani yonse. Zomba ali pa madigiri 15 kumwera kwa mzere wa Equator. Pa chifukwa chimenechi dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kumwera, koma kwa chaka chonse chotsalacho limayenda chakumpoto, ndipo limatsika koposa mu Juni, pamene masana limangokwera madigiri 51. Tanthauzo lake ndi lakuti zenera lakumpoto limalandira dzuwa m'nyengo yachisanu, nthawi imene aliyense akulifuna, pomwe m'chilimwe kadenga kakang'ono kotulukira kunja nkokwanira kulitchinga, pakuti dzuwa limakhala pamwamba ndipo mthunzi umatsika khoma lonse. Mabuku ndi zithunzi za malonda zochokera ku Britain zimati zenera la dzuwa ndi lakumwera. Kwa iwo nzoona, popeza ali kumpoto kwa Equator, koma wozitsatira ku Zomba amaononga ndalama zake potchinga zenera losalakwa.

Zenera lovuta ndi lakum'mawa ndi lakumadzulo, makamaka lakumadzulo. Cha m'ma 4 koloko madzulo mu Okutobala dzuwa limakhala litatsika kwambiri, kotero kuti khonde lotambalala mamita awiri limaponya mthunzi wosakwana mita imodzi kuchokera kudenga. Kuwala konse kotsalako kumalowa cham'mbali, kunsi kwa denga, kulunjika pagalasi, pa nthawi imene mpweya ndi malata zatentha kale tsiku lonse. Dzuwa lam'mawa limalowanso motero, koma limapeza nyumba itazizira usiku, ndiye silipweteka kwenikweni.

Tsono galasi lili ndi khalidwe lake limene wogula makatani ayenera kulidziwa. Galasi wamba limalola magawo oposa 8 mwa magawo 10 a mphamvu ya dzuwa kulowa. Mphamvuyo ikagwa pa simenti, pa mipando ndi pa makoma imasanduka kutentha, ndipo kutentha kwa mtundu umenewu sikutulukanso pagalasi mosavuta. Zenera la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, loyang'ana kumadzulo, likhoza kulowetsa kutentha kofika pafupifupi theka la mbaula yamagetsi ya mawati 1,000. Chipinda cha magalasi chija chidali ndi mamita otero angapo. Nsalu yolemera yakuda yopachikidwa m'kati imathetsa kuwala, inde, koma dzuwa limakhala litadutsa kale galasi. Nsaluyo imamwa kutentha, nkukupereka ku mpweya wa m'chipinda. Munthu amakhala mu mdima koma thukuta lili kamukamu. Nsalu yoyera imachitako bwino chifukwa imabweza gawo lina la kuwala kudzera pagalasi lomwelo. Chopambana zonse ndi chimene chimaimitsa dzuwa kunja, lisanakhudze galasi, pamalo pamene mphepo ikhoza kuuluza kutenthako.

Amisiri akale ankazidziwa zimenezi. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ili ndi khonde lalikulu louzinga, ndipo ku Zomba komweko nyumba imene John Buchanan adamanga mu 1886, yomwe pambuyo pake idatchedwa Government Hostel kenaka Hotel Masongola, ndi ya m'badwo womwewo wa makoma ochindikala ndi makonde. Nkosangalatsa kuti dzina lenilenilo la Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri oyendetsa kampaniyo, amene ankanyezimira padzuwa. Koma nzeru ya khonde siidabwere pa sitima. Nyumba ya kumudzi ya udzu, ya tsindwi lotsika ndi nsanamira zozungulira, idali ikuteteza kale makoma ake ku dzuwa ndi ku mvula azungu asanafike. M'nyumba zonsezi khonde ndilo lidali chotchinga choyamba cha zenera, ndipo wotseka khonde ndi magalasi amakhala ngati wavula nyumba chipewa.

Pamene dzuwa linkalowa tsiku lachiwirilo, kalipentala adali atagawa mazenera a nyumbayo m'magulu. Akumwera sankafuna kanthu koposa kansalu kobisa za m'nyumba kwa odutsa m'njira. Akumpoto adali otetezedwa ndi khonde, ndipo adalangiza kuti asawatchinge masana ndi pang'ono pomwe, kuti dzuwa la mu Juni ndi Julayi lizilowa kudzaumitsa chinyontho cha chiperoni. Ntchito yeniyeni idali kumadzulo. Kukadakhala kuti ndalama zilipo, chanzeru chikadakhala kuchotsa magalasi aja ndi kubwezera khonde m'mene lidaliri. Popeza padalibe, iye adati apachike mphasa kunja, pakati pa nsanamira ndi nsanamira, zotsitsa masana ndi kupinda madzulo.

Apa ndi pamene padabuka mkangano. Mwana uja atamva pa foni sadakondwe.

"Amayi, mwagwira ntchito ya boma zaka zonsezi kuti mudzapachike mphasa pa nyumba ya agogo? Anthu adzati takutayani."

Mawu amenewa si oseketsa, chifukwa ambiri amaganiza chomwecho. Mphasa imakumbutsa anthu za kusowa bedi, za kuyanika ufa, ngakhalenso za maliro, ndipo munthu amene wadzikoka kuchoka mu umphawi safuna kuuonanso utapachikika pakhonde pake. Chodabwitsa nchakuti malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amapachika bango ndi nsungwi zomwezo, ndipo alendo amalipira ndalama zambiri kuti akhale kuseri kwake. Mayiwo sadatsutsane ndi mwana wawo. Adangobwereka mphasa imodzi kwa mnansi, naimangirira kunja kwa magalasi masana amodzi, ndipo tsiku limenelo adatha kukhala m'chipindamo kusoka mpaka dzuwa kulowa. Mwanayo adavomera monyinyirika, koma adalimbikira kuti za m'kati asankha ndi iye, ndipo adagwirizana motero.

Kupeza mphasa yoyenera zenera kuli ndi luso lake. Ya pamsika imalukidwira kugonapo, ndipo kawirikawiri miyeso yake siigwirizana ndi mpata wa pakati pa nsanamira. Kuidula kumamasula ulusi. Njira yabwino ndi kupeza woluka mwini wake, ndipo m'boma la Zomba, kumene madambo ozungulira nyanja ya Chilwa ndi magombe a mitsinje ali ndi bango lambiri, oluka sasowa. Wogulitsa pamsika amadziwa kumene katundu wake amachokera. Woluka apatsidwe miyeso pa chingwe chomanga mfundo, osati pa pepala lokha, ndipo auzidwe kuti mphasayo ndi yopachika. Bango liyenera kugona chopingasa kuti ipindike kupita m'mwamba, motero m'lifupi mwake simungapose kutalika kwa bango lomwelo. Mpata waukulu ugawidwe pawiri. Bango likhale lokhwima, lodulidwa m'chilimwe ndi louma bwino, pakuti laliwisi limafota nkusiya mipata, kenaka limachita nkhungu. Ngati asankha nsungwi zong'amba, zimene nzolimba koposa koma zolemera, afunse ngati zidaviikidwa m'madzi kwa masabata angapo, chifukwa madzi amachotsa chakudya cha m'kati mwa nsungwi chimene chimakopa tizilombo tofumbwitsa. Wogula agwedeze nsungwizo: zikagwetsa ufa wachikasu, tizilombo talowa kale. Chingwe cha khonje nchokongola koma chimaola ndi mvula. Ulusi wa ukonde wa asodzi umapirira. Ndipo ndi mwambo wabwino kupereka theka la mtengo poyamba, theka lina polandira katundu, osanenerera mpaka kumufinya woluka, popeza ntchito ya muyeso wapadera imamudyera masiku.

Pamwamba ndi pansi pa mphasa iliyonse kalipentala adaikapo kamtengo kowongoka, kapamwamba konyamula kulemera, kapansi koletsa mphepo kuikupiza. Adasiya mpata wa chikhatho pakati pa mphasa ndi galasi kuti mpweya wotentha uzikwera nkutuluka. Adachenjezanso kuti zinthu zimenezi si za muyaya: mvula ikalimba mu Disembala zimasulidwe ndi kusungidwa pouma, ndipo mwininyumba ayembekezere kugula zina pakapita nyengo zingapo. Mtengo wake wochepa ndiwo umalola zimenezo.

Chimene chidamutengera nthawi mkuluyo ndi kukhoma. Pamene adapala utoto pang'ono pa felemu ya zenera la chipinda chochezera, padamveka fungo limene mmisiri aliyense wakale amalizindikira: mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, chiswe sichiudya, nchifukwa chake mafelemuwo adapirira pamene zitseko za paini zidatha. Lero mkungudza wokhwima udatsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje, ndipo felemu yotere ikang'ambika palibe kumene munthu angakagule inzake mwachilungamo. Motero adakana kubooola mafelemu. Koma khoma nalo lidali ndi vuto lake, pakuti njerwa zakale zomangidwa ndi dothi sizigwira msomali. Umalowa mosavuta, nkuzuka tsiku limene mwana wakoka nsalu, kutenga ndi pulasitala yemwe. Iye adakhoma thabwa lopyapyala pamwamba pa zenera lililonse, lolimbitsidwa pa malo angapo m'kati mwa njerwa zenizenizo osati m'mizere ya dothi, ndipo zonse zopachika zidagwira pa thabwalo. Popala utoto ankanyowetsa kaye, chifukwa utoto wa mafuta wakale nthawi zambiri umakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana. Mwininyumba amene nyumba yake ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi boma ayenera kufunsa kaye ku nthambi yoona zinthu zakale asanasinthe maonekedwe a kunja. Ya mayiwa siidali m'gulu limenelo.

Kuyeza nako kudavumbula zake. Nyumba yakale imakhala itatsamira apa ndi apo, ndipo zenera limodzi lidapezeka lotambalala kumwamba kuposa kunsi ndi masentimita awiri. Chotchinga cholowa m'kati mwa mphako ya zenera chiyezedwe malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, nkutenga muyeso wochepetsetsa. Ayang'anenso kumene zenera limatsekukira, kutalika kwa zogwirira zake, zitsulo zotchinga mbala ndi waya wa udzudzu, pakuti anthu ambiri adagulapo chotchinga chokongola chimene chidawaletsa kutsekula zenera, nasinthanitsa mphepo ndi maonekedwe.

Tsopano za m'kati, zimene zidali m'manja mwa mwana uja. Iye poyamba adafuna zotchinga za timizere topendeketsa, zotchedwa Venetian blind. Zimenezi nzakale kuposa m'mene ambiri amaganizira: Edward Bevan adalembetsa luso lake ku London mu 1769, pamene timizereto tidali ta matabwa, ndipo za aluminiyamu zidayamba kufala mu 1946 kudzera ku kampani ya Hunter Douglas. Zina ndi za nsalu yokulungika pa kamtengo, zimene Stewart Hartshorn wa ku America adaziikira sipuling'i yodziimitsa yokha mu 1864. Nsalu yake yotchuka idali bafuta wolimbitsidwa wotchedwa Holland. Choncho palibe anganene kuti zotchinga zotere sizigwirizana ndi nyumba yakale. Venetian blind ili ndi ubwino woona: imabweza kuwala kupita kudenga nkulolabe mphepo kudutsa. Koma nyumba ya mayiwa ili m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo kamzere kalikonse kamafuna kupukuta pakokhapakokha. Chinanso, kachitsulo kamodzi kakathyoka, chotchinga chonse chimafa ngati wogulitsa alibe zosinthira. Funso loyamba kwa wa sitolo lisakhale la mtengo, koma lakuti kodi zingwe ndi zogwirira zake zimapezeka, ndiponso ngati amabwera kudzayeza yekha, kuti cholakwa cha muyeso chikhale chake.

Pali nkhani inanso yolemera kuposa fumbi. Chingwe cholendewera cha zotchinga zimenezi, makamaka chopanga goli, chapha ana aang'ono ambiri m'maiko osiyanasiyana powakola pakhosi, ndipo imfa yotere imachitika mwakachetechete, mayi ali m'chipinda chinacho. Nchifukwa chake mu 2014 maiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Britain, adakhwimitsa malamulo a kapangidwe kake, ndipo mu 2018 ku America adagwirizana kuti zogulitsidwa zopangiratu zisakhalenso ndi zingwe zolendewera. Katundu wakale ndi wotchipa amafikabe m'misika popanda chitetezo chimenechi. M'nyumba muja mumabwera zidzukulu pa tchuthi, ndipo mfundo imeneyi ndiyo idagonjetsa mwana uja. Kalipentala adaitenganso ngati yake: zingwe zokwezera mphasa adazikhomera pokoloweka pamwamba, pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pa mpando.

Adagwirizana za nsalu. Dziko lino lakhala likuomba nsalu za thonje ndi makina kuyambira pamene fakitale ya David Whitehead and Sons idatsekulidwa ku Blantyre mu 1967, yomwe idagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, ndipo chitenje, chakuno kapena chakunja, chimapezeka pa msika uliwonse. Chitenje pazenera chimakongola, koma dzuwa limachidya mtundu msanga ndipo pambuyo pake ulusi umafumbutuka. Mankhwala ake ndi kuchisokera nsalu yoyera kumbuyo, yoyang'ana kugalasi, imene imabweza kuwala ndi kulandira chilango m'malo mwa chitenjecho. Ikatha imasinthidwa yokha. Nsalu zonse ziwiri zichapidwe zisanadulidwe, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndipo telala auzidwe kuti m'lifupi mwa nsalu muyenera kuposa mwa zenera ndi theka, kapena kuwirikiza kawiri, kuti ipange mapinda. Mayiwo adapeza nsalu yoyera ya kumbuyo pa kaunjika, m'mulu wa mashiti a pabedi. Wogula makatani a kaunjika awatambasule moyang'anitsa kudzuwa: pamene pali mizere yotuwa ndi pamene padapsa kale ndi dzuwa la kwina, ndipo padzang'ambika pa kuchapa koyamba.

Makataniwo adawalekeza pa mphuthu ya zenera, osafika pansi monga a m'zithunzi zija. Chifukwa chake nchachidziwikire kwa aliyense amene adayatsapo kandulo magetsi atazima, komanso nsalu yokwawa pansi imakolopa fumbi ndi kubisa udzudzu masana.

Pamene mvula yoyamba inkagwa, mphasa zinayi zidali zitapachikidwa kumadzulo, makatani asanu ndi awiri atasokedwa, ndipo ndalama zimene mwana uja adakonzera makatani a ku Johannesburg zidagula waya watsopano wa udzudzu. Padatsala zenera limodzi lakum'mawa, la chipinda chogona, limene lilibe khonde ngakhale pokoloweka mphasa. Kalipentala adati pafunika kadenga ka malata ndi chitseko cha timatabwa topendekeka, ndipo adatchula mtengo umene mayiwo sadaukwanitse chaka chimenecho. M'malo mwake adakumba dzenje mamita angapo kuchokera pakhoma, kutali ndi maziko, nabzalamo mbande ya mbawa. Ndipo podikira kuti ikule, adaimika timitengo tiwiri patsogolo pa zeneralo ndi kuyanzikapo mpiru wa magalagadeya.